Kukaona tchalitchi cha a Anglo-Saxon ku England: kosankha, zonyamula ndi kawerengedwe ka makoma

Matchalitchi ambiri a ku England amene amatchedwa a Anglo-Saxon ali ndi kachigawo kochepa chabe ka nthawi imeneyo. Pena ndi nsanja yokha, pena khoma limodzi, pena kazenera kamene kanatsekedwa ndi miyala kalekale. Zotsalazo zinabwera pambuyo pake. Mlendo wosakonzekera amalowa, n'kujambula magalasi okongola a m'mazenera ndi mipando yosemedwa bwino, n'kutuluka asanaone chimene anadzera, chifukwa magalasi ndi mipandoyo nthawi zambiri ndi za m'zaka za m'ma 1800. Ntchito yaikulu pa ulendo wotere ndi kuyang'ana khoma lenilenilo ndi kudziwa kuti mwala uti ndi wakale, uti ndi wowonjezera.

A Anglo-Saxon, anthu amene makolo awo anachokera kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark, anali ndi mbali yaikulu ya England kuyambira m'zaka za m'ma 400 mpaka 1066, chaka chimene William wa ku Normandy analanda dzikolo. A Anglo-Saxon anayamba kumanga matchalitchi a miyala Augustine, mmishonale wochokera ku Roma, atafika ku Kent mu 597. Ambiri mwa matchalitchi awo anali a mitengo, ndipo anawola kapena kupsa. Akuluakulu a m'mizinda anagwetsedwa ndi a Norman, anthu a William uja, amene anamangapo awo. Amene anapulumuka ali makamaka m'midzi imene inalibe chuma chogwetsera ndi kumanganso, ndipo n'chifukwa chake ulendowu umakhala wa kumidzi, komwe mabasi ndi osowa ndipo zitseko zimakhala zokhoma nthawi zina.

Sungani m'mutu magulu awiri. Loyamba ndi la matchalitchi a m'zaka za m'ma 600 mpaka 800. Lachiwiri ndi la m'zaka za m'ma 900 mpaka cha m'ma 1066, nkhondo zoyamba za a Viking, ankhondo ochokera ku Scandinavia, zitaphwa. Zizindikiro za magulu awiriwa n'zosiyana, moti mukafunafuna chizindikiro cha gulu lachiwiri pa tchalitchi cha gulu loyamba mudzabwerera mukuganiza kuti munanamizidwa.

Kosankha kupita

Ngati ndi ulendo wanu woyamba, sankhani tchalitchi chimene chatsala pafupifupi chathunthu, kuti maso azolowere maonekedwe ake musanapite kumene zakale zasakanikirana ndi zatsopano. Atatu ndiwo oyenera kuyambira.

Escomb, m'chigawo cha County Durham pafupi ndi Bishop Auckland, anamangidwa cha m'ma 670 mpaka 675 ndi miyala yotengedwa ku linga la Aroma la Binchester. Chipinda chake chachikulu ndi chotalika pafupifupi mamita 13, m'lifupi mamita 4 ndi theka, koma makoma amakwera mamita pafupifupi 7. Tchalitchichi chinasiyidwa mu 1863 atamanga china chatsopano, kenako chinakonzedwa pakati pa 1875 ndi 1880. Chatsopanocho n'chimene chinadzagwetsedwa.

St Laurence ku Bradford-on-Avon, m'chigawo cha Wiltshire, ndiye wosavuta kufikako, chifukwa tawuniyo ili ndi siteshoni ya sitima pa njanji yochokera ku Bath, ndipo kuchoka pasiteshoni n'kongoyenda pansi. Nyumbayi inakhala sukulu ndi nyumba yogona anthu kwa zaka zambiri mpaka 1856, pamene wansembe wa pamalopo, William Jones, anazindikira kuti ndi tchalitchi chakale. Akatswiri ena amachigwirizanitsa ndi bishopu Aldhelm wa cha m'ma 700, koma ambiri amati zimene zikuoneka lero ndi za pafupi ndi chaka cha 1000.

Odda's Chapel ku Deerhurst, m'chigawo cha Gloucestershire, ndi ya mu 1056 ndipo inalumikizika ku nyumba ya pafamu. Amaisamalira ndi a English Heritage, bungwe losamalira malo akale, ndipo kulowa n'kwaulere. Ubwino wa Deerhurst ndi wakuti pafupi pomwepo pali St Mary, tchalitchi chachikulu chokhala ndi zigawo za nyengo zosiyanasiyana za a Anglo-Saxon, choncho tsiku limodzi mumaona chophweka ndi chovuta.

Mukafuna kukula kwa nyumba, pitani ku All Saints ku Brixworth, makilomita pafupifupi 8 kumpoto kwa Northampton. Ndi tchalitchi chachikulu kuposa onse a nthawiyo amene atsala. Chigwirizanitseni ndi Earls Barton, kum'mawa kwa Northampton, komwe kuli nsanja yotchuka ya kumapeto kwa zaka za m'ma 900. Ndi galimoto malo awiriwa amatheka tsiku limodzi. St Peter-on-the-Wall ku Bradwell-on-Sea, m'chigawo cha Essex, ndi ya bishopu Cedd, ya cha m'ma 654 kapena patangopita zaka zochepa, ndipo inamangidwa pamwamba pa khoma la linga la Aroma la Othona. Galimoto imatsala patali, ndipo mamita pafupifupi 800 omaliza mumayenda pansi m'njira ya m'munda, mphepo ya kunyanja ikukuwombani. St Martin ku Canterbury, kumene mfumukazi Bertha ankapemphera Augustine asanafike, ndi yofunika kwambiri m'mbiri, koma maola ake otsegulira ndi ochepa ndipo zakale zake n'zobisika m'makoma. Isungireni ulendo wachiwiri.

Chitseko chokhoma ndi basi yosabwera

Ambiri mwa matchalitchi amenewa ndi a mpingo wa Church of England ndipo anthu amapempheramobe. Alibe wogulitsa matikiti kapena wolandira alendo. Amatsegulidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mudzimo, ndipo maola amasintha malinga ndi nyengo ndi kupezeka kwa anthuwo. Yang'anani dzina la tchalitchicho pa webusaiti ya mpingowo yotchedwa A Church Near You, ndipo ngati mukuchokera kutali tumizani uthenga masiku angapo musananyamuke. Funsani zinthu zitatu: ngati chidzakhale chotsegula, ngati palibe ukwati kapena maliro tsikulo, ndiponso ngati pali zitsulo za amisiri zophimba khoma. Chachitatuchi anthu amachiiwala, komatu nsanja yokutidwa ndi zitsulo ndi maukonde simungaiwerenge.

Mukapeza chokhoma, musabwerere msanga. Werengani chikwangwani cha pakhonde kapena pageti. Malo ena, monga Escomb, chikwangwani chimanena kumene kuli kiyi pafupi pomwepo. Mukatenga kiyi, khomani potuluka ndipo mubwezere pamene munamupeza. Komanso yesani chogwirira cha chitseko mbali zonse ziwiri: zitseko zakale zili ndi mphete yachitsulo yolemera imene imafuna kupotoza mwamphamvu uku mukukankha, ndipo alendo ambiri amabwerera pa chitseko chimene sichinali chokhoma n'komwe.

Lamlungu si tsiku labwino. M'mawa muli mapemphero, ndipo mabasi a kumidzi amachepa kapena sayenda konse. Masiku a pakati pa sabata ndiwo abwino. Onani nthawi ya basi yomaliza yobwerera musanaone ya yopita. Mu Disembala kumayamba kuda cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo m'tchalitchi cha mazenera ang'onoang'ono mumada kale kuposa panja. Mu Seputembala muli masiku otchedwa Heritage Open Days, pamene nyumba zambiri zimene zimakhala zokhoma zimatsegulidwa kwaulere. Ku Deerhurst onjezerani chinthu china: mudziwo uli m'chigwa cha mtsinje wa Severn, ndipo mvula ikachuluka misewu imamira, choncho onani machenjezo a kusefukira kwa madzi tsiku lonyamuka.

Postcode (nambala ya keyala) ya kumudzi imakuta dera lalikulu, moti foni ingakusiyeni pageti la famu. Mapu a bungwe la boma la Ordnance Survey a 1:25,000 amasonyeza tchalitchi chenichenicho ndi tinjira ta apansi tololedwa. Musananyamuke, koperani m'foni mafotokozedwe a nyumbayo kuchokera pa National Heritage List for England, mndandanda wa nyumba zakale zotetezedwa umene bungwe la Historic England limaika pa intaneti kwaulere, chifukwa netiweki siilowa bwino m'makoma a miyala.

Zonyamula

Tochi yowala bwino, osati ya pafoni yokha. Magalasi oonera patali, ang'onoang'ono okuza kasanu ndi katatu akwanira, chifukwa zosema zabwino kwambiri zili pamwamba. Tepi yoyezera ya mamita 3 kapena 5, makamaka yansalu, chifukwa yachitsulo imakanda mwala. Kabuku ndi pensulo. Nsapato zosalowa madzi, popeza mudzayenda mu udzu wonyowa wa kumanda. Chovala chofunda ngakhale m'chilimwe: mkati mumazizira kuposa panja. Ndalama zachitsulo kapena khadi, zopereka ndi zogulira kabuku kofotokoza tchalitchicho kamene kamagulitsidwa mapaundi ochepa. Ambiri alibe chimbudzi kapena madzi akumwa, choncho konzekeranitu m'tawuni.

Yambani panja

Musalowe kaye. Imani patali, pamene nyumba yonse ikuoneka, n'kuyang'ana msinkhu wake. Tchalitchi cha a Anglo-Saxon chimakhala chopapatiza ndi chachitali mopitirira. Ku Bradford-on-Avon chipinda chachikulu ndi chotalika mamita pafupifupi 7 ndi theka, m'lifupi mamita 4, ndipo msinkhu wake ukufanana ndi utali wake. Nyumba yofutukuka ndi yaifupi ndi ya nthawi ina, kapena inakulitsidwa.

Pezani mbali. Guwa limakhala kum'mawa, nsanja kawirikawiri kumadzulo. Ku England dzuwa limadutsa chakummwera, choncho khoma la kummwera limawala ndipo la kumpoto limakhala mu mthunzi. Komabe khoma la kumpoto ndilo limasunga zakale zambiri, chifukwa owonjezera makonde ndi mazenera aakulu ankakonda mbali ya dzuwa. Zungulirani nyumba yonse pang'onopang'ono, ndipo jambulani m'kabuku mapu ake a pansi, ngakhale okhotakhota. Pa mapuwo muzilemba chilichonse chimene mwaona.

Ngodya ndizo zoyamba kuyang'ana. M'matchalitchi a gulu lachiwiri mumapeza kamangidwe kotchedwa long-and-short work: mwala wautali woimirira, pamwamba pake mwala wophwatalala wogona umene ukulowa m'makoma onse awiri, kenako woimirira wina, mosinthanasinthana mpaka pamwamba. Woimirira umalimbitsa ngodya, wogona umaimangirira ku khoma la miyala ing'onoing'ono. Earls Barton ndi Odda's Chapel amaonetsa zimenezi bwino. Ku Escomb ngodya n'zosiyana: miyala ikuluikulu yogona, wina mbali yake yaitali ikuloza khoma ili, wotsatira ikuloza khoma linalo. Musayang'ane ngodya zakunja zokha. Pamene anawonjezera chipinda cham'mbali, ngodya yakale imatsala pakati pa khoma ngati mzere wowongoka wa miyala ikuluikulu wochoka pansi kupita pamwamba. Mzere wotero ukukuuzani pamene nyumba yoyamba inathera, ndipo khoma limene langogunda pa mzerewo popanda kulukana nawo ndi lapambuyo.

Kenako miyala ya khomalo. Amisiri a gulu loyamba ankatola zomangira m'mabwinja a Aroma. Njerwa ya Aroma ndi yopyapyala, yotakata ndi yofiira kwambiri, ndipo siifanana ndi njerwa ya masiku ano. Ku Brixworth mauta a makoma, kutanthauza mitu yopindika ngati uta ya pamwamba pa mipata, anapangidwa ndi njerwa zimenezi, ndipo mukayang'anitsitsa muona kuti sizinaikidwe moloza pakati pa uta monga ankachitira Aroma. Zinapendekeka, ndipo pamwamba penipeni amisiriwo anangotsekapo mpata wotsala. Ku Escomb, pa khoma la kumpoto, pali mwala wolembedwa LEG VI, chizindikiro cha gulu lachisanu ndi chimodzi la asilikali a Aroma, ndipo unaikidwa chadodolido. Miyala yambiri pamenepo ili ndi timizere topingasa ta sompho la Aroma. Timizereti timaoneka bwino m'mawa kapena madzulo, kuwala kukamabwera cham'mbali.

Pa makoma ndi nsanja za gulu lachiwiri yang'anani timizere ta miyala topapatiza totuluka pang'ono pakhoma, tokwera molunjika, nthawi zina tolumikizidwa ndi timauta kapena tingodya tosongoka. Nsanja ya Earls Barton yadzaza nato, ndipo ya St Peter ku Barton-upon-Humber ilinso nato. Ena amati ankatsanzira kamangidwe ka mitengo, ena amati tinkathandiza kuwongola khoma ndi kugwira pulasitala. Chimene muyenera kukumbukira n'chakuti pakati pa timizereti panali pulasitala. Khoma la miyala yoonekera limene alendo amalikonda lero si mmene eni ake ankalionera.

Mazenera amafuna kudekha. Aakulu onse, osongoka pamwamba ndi ogawidwa ndi timizati, ndi apambuyo. Funani ang'onoang'ono amene ali pamwamba kwambiri. Pa lililonse dzifunseni kuti pothina penipeni pali pati. Ngati pothina pali kunja kwa khoma ndipo zenera likufutukuka polowa mkati, lingakhale la gulu loyamba, monga a ku Escomb, koma lingakhalenso la a Norman, chifukwa nawonso ankamanga choncho. Ngati pothina pali pakati pa khoma ndipo zenera likufutukuka mbali zonse ziwiri, kunja ndi mkati, ndi chizindikiro champhamvu cha gulu lachiwiri. Otere alipo ku Bradford-on-Avon ndi ku Odda's Chapel. Yang'ananinso pamutu pa zenera: kawirikawiri uta wake sunamangidwe ndi timiyala tambiri, unangosemedwa pansi pa mwala umodzi. Khomo kapena zenera la mutu wosongoka, lopangidwa ndi miyala iwiri yophwatalala yotsamirana, nalonso ndi la a Anglo-Saxon.

Pomaliza kwezani magalasi anu ku nsanja, pamene pamatulukira kulira kwa belu. Mipata ya a Anglo-Saxon imakhala iwiri yoyandikana, yogawidwa ndi kamzati kamodzi koima pakatikati pa kukhuthala kwa khoma, kosenza mwala wautali wodutsa khoma lonse kuchoka kunja mpaka mkati. A Norman ankabweretsa kamzatiko kutsogolo n'kuzinga mipata iwiriyo ndi uta wina waukulu. Ku Earls Barton mipatayo ndi isanu mbali iliyonse, ndipo timizati take n'totupa pakati. Tingodya ta njerwa pamwamba penipeni pa nsanjayo ndi ta zaka mazana angapo pambuyo pake.

Mkati

Mukalowa, tsekani chitseko, chifukwa mbalame ikalowa imavuta kuitulutsa ndipo imafera momwemo. Khalani pansi mphindi zingapo maso azolowere mdima musanayatse magetsi. Malo ena ali ndi switchi ya alendo pafupi ndi khomo imene imazima yokha.

Yezani kukhuthala kwa khoma pa khomo kapena pa uta umene ukudutsa khoma lonse. Makoma a a Anglo-Saxon ndi opyapyala modabwitsa poyerekeza ndi msinkhu wawo: kawirikawiri masentimita 60 mpaka 90, ambiri pafupi ndi 75. A ku Escomb ndi pafupifupi 70. Makoma a a Norman nthawi zambiri amapitirira masentimita 90. Opyapyala a a Anglo-Saxon aja anatha kuima chifukwa cha matope abwino a laimu ndi ngodya zolimba. Poyeza, chotsani masentimita angapo a pulasitala, ndipo musayeze pa nsanja kapena pa khonde lowonjezera. Ngati tchalitchi chili ndi mizere ya mizati mbali zonse, yang'anani khoma lomwe lili pamwamba pa mizatiyo. Nthawi zambiri amisiri apambuyo ankaboola khoma lakale pansi n'kulisiya pamwamba, choncho khoma lopyapyala la a Anglo-Saxon lingakhale litakhala pa mizati ya m'zaka za m'ma 1200, timazenera take totsekedwa tikuonekabe.

Pitani pa uta wolekanitsa chipinda cha anthu, chimene zikwangwani zimachitcha nave, ndi chipinda cha guwa, chotchedwa chancel. Ukakhala wakale umakhala wautali ndi wothina. Wa ku Bradford-on-Avon m'lifupi mwake ndi mita imodzi ndi pang'ono, moti anthu ambiri sankaona bwino za kuguwa. Miyala ya m'mbali mwake imadutsa khoma lonse kuchoka mbali ino mpaka inayo, ndipo imasinthana woimirira ndi wogona. Kamangidwe kameneka akatswiri anakapatsa dzina la Escomb, ngakhale kuti uta wa kumeneko ukuganiziridwa kuti unasamutsidwa wathunthu kuchokera ku Binchester. Makomo a a Anglo-Saxon anangoboola khoma molunjika, popanda kampata kolandira chitseko, ndipo chitseko chinkapachikidwa pa nkhope ya mkati ya khoma.

Tsopano gwiritsani ntchito tochi. Musaloze khoma mwachindunji, chifukwa kuwala kotero kumafafaniza chilichonse. Igwireni pafupi ndi khoma, osaligunda, kuwala kuziyenda motsata nkhope yake. Mizere ya makomo otsekedwa, zipsera za madenga akale ndi zosema zofufutika zimatulukira ndi mithunzi yake. Khomo limene lili pamwamba pakhoma, lopanda masitepe, si kulakwitsa kwa mmisiri: linkalowa m'chipinda cham'mwamba kapena pakhonde la matabwa limene linawola. St Mary ku Deerhurst ali ndi makomo otere, pamodzi ndi zenera lapawiri la mitu yosongoka pamwamba pa khoma la kumadzulo, mitu ya nyama yosemedwa, ndi mwala wobatizira wokutidwa ndi mizere yopiringizika. Mngelo wa ku Deerhurst ali kunja, pamwamba pa bwinja la kum'mawa, ndipo ambiri amachoka osamuona. Angelo awiri a ku Bradford-on-Avon ali mkati, pamwamba kwambiri pa uta wa ku guwa.

Zipinda za m'mbali, zotchedwa porticus, zinali za manda, maguwa ang'onoang'ono ndi kusungira zinthu. Zambiri zinagwa. Ku Bradford-on-Avon cha kumpoto chilipo, cha kummwera chinatsala chipsera cha denga pakhoma. Ku Brixworth mauta akuluakulu a m'makoma ankalowa m'zipinda zotere, ndipo zitagwa mautawo anatsekedwa n'kuikamo mazenera. Ku Bradwell samalani: zipsera zikuluzikulu za m'makoma a m'mbali ndi za makomo a ngolo, za nthawi imene nyumbayo inali nkhokwe ya pafamu isanabwezeretsedwe kukhala tchalitchi mu 1920. Mauta akale ali pa khoma la kum'mawa.

Pamene pali chipinda cha pansi pa nthaka, tsikiranimo. Cha ku Ripon ndi cha ku Hexham ndi za bishopu Wilfrid, za m'ma 670, ndipo cha ku Hexham chili ndi miyala ya Aroma yolembedwa. Cha ku Repton, kumene kunaikidwa mafumu a Mercia, ufumu wakale wa pakati pa England, chili ndi mizati inayi yosemedwa mopota. Masitepe ake ndi othina, odyeka ndi oterera, ndipo mitu ya makomo ndi yotsika.

Deti limachokera kuti

Matchalitchi ochepa kwambiri ali ndi deti lolembedwa pamwala. St Paul ku Jarrow, kumene kunkakhala Bede, mmonke wolemba mbiri, ali ndi mwala wosonyeza kuti anapatulidwa pa 23 Epulo 685. Mwala wa Odda's Chapel umapereka 12 Epulo 1056, koma umene muuone m'nyumbamo ndi wofanizira, weniweni uli ku Ashmolean Museum ku Oxford. Ku St Gregory's Minster ku Kirkdale, m'chigawo cha North Yorkshire, pamwamba pa khomo la kummwera mkati mwa khonde pali wotchi ya dzuwa yolembedwa m'Chingerezi chakale kuti Orm mwana wa Gamal anagula tchalitchicho chitagumuka n'kuchimanganso m'masiku a mfumu Edward ndi Tostig. Popeza Tostig analamulira Northumbria, chigawo cha kumpoto kwa England, kuyambira 1055 mpaka 1065, ntchitoyo iyenera kukhala ya m'zaka khumi zimenezo. Kwina konse deti ndi chiganizo cha akatswiri, chochokera ku kamangidwe, zofukula pansi ndi zolemba zakale. Kabuku ka pakhomo kakapereka chaka chimodzi chenicheni popanda kunena kumene chachokera, chitengeni mosamala. Brixworth ankanenedwa kuti ndi wa m'ma 600, koma kafukufuku wapambuyo anamusunthira kumapeto kwa zaka za m'ma 700 kapena kuchiyambi kwa 800.

Zimene zimasocheretsa

Uta wozungulira pawokha sutsimikiza kanthu, chifukwa a Norman ankamanganso mauta ozungulira. Wawo umakhala ndi mizere ingapo yolowa mkati motsatizana, timizati m'mbali, ndi zosema zokhotakhota ngati mano. Miyala yoyalidwa mopendekeka, mzere uwu kumanja wotsatira kumanzere ngati minga ya nsomba, imapezeka 1066 isanafike ndiponso itapita, choncho musaidalire. Kusowa kwa zipilala zochirikiza khoma kunja ndi chizindikiro chabwino m'malo ambiri, koma matchalitchi oyambirira a ku Kent ndi Essex, kuphatikizapo Bradwell, anali nazo.

Chaka cha 1066 chinasintha mfumu, koma amisiri a m'midzi anapitiriza kumanga monga anaphunzirira kwa zaka makumi angapo. Nsanja zambiri za ku Lincolnshire zooneka ngati za a Anglo-Saxon zingakhale za pambuyo pa chakacho. Greensted, pafupi ndi Chipping Ongar ku Essex, ndi chitsanzo chabwino. Makoma ake a zipika za mitengo ya oak zong'ambidwa pakati ankanenedwa kuti ndi a m'ma 800, koma kuwerenga mizere ya m'mitengoyo kunasonyeza kuti inadulidwa m'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1000. Njerwa zimene zipikazo zakhalapo ndi za m'ma 1800.

Okonza a m'zaka za m'ma 1800 ndiwo amanyenga maso kwambiri, chifukwa ankatsanzira zakale mwaluso. Mwala wa m'mphepete mwakuthwa, wa mtundu umodzimodzi, wa mizere ya matope yofanana paliponse, ndi wokayikitsa. Wakale umakhala wodyeka, wosiyana kukula ndi unzake, ndipo ndere zimaumera mosiyana. Mbali yaikulu ya chigawo cha kum'mawa ku Brixworth inamangidwanso m'ma 1860. Lamulo lothandiza ndi ili: chizindikiro chimodzi ndi funso chabe. Khulupirirani pamene zitatu zagwirizana pa khoma limodzi, mwachitsanzo kupyapyala, ngodya ndi zenera. Njira yoyang'ana chimene chili pansi pa chinzake ndi imene katswiri wa zomangamanga Thomas Rickman anagwiritsa ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 ku Barton-upon-Humber: chigawo cham'munsi cha nsanja sichingakhale chatsopano kuposa chimene chakhala pamwamba pake.

Kusamala nyumba ndi eni ake

Mukapeza mapemphero ali mkati, khalani kumbuyo mwakachetechete kapena yambani ndi kuzungulira panja. Mukapeza maliro, bwerani nthawi ina. Amuna avule chipewa. Musalowe kuseri kwa mpanda wa guwa, ndipo musaike chikwama kapena kamera pa guwa kapena pa mwala wobatizira. Kujambula zithunzi kumaloledwa m'malo ambiri ngati si za malonda, koma funsani musanaimike miyendo ya kamera, ndipo musajambule anthu akupemphera.

Musakhudze zosema kapena zotsalira za utoto pa pulasitala. Mafuta ndi mchere wa m'manja zimalowa mu mwala wa laimu. Kunyowetsa mwala kapena kuupaka choko kuti zilembo zioneke kumauwononga, ndipo tochi yogwiridwa cham'mbali imachita ntchito yomweyo bwino koposa. Mukaona nsalu kapena mapepala ataphimba mipando ndi timatuvi takuda pansi, m'dengamo muli mileme. Malamulo a dzikolo amaiteteza, choncho musaiunike ndi tochi kapena kuisokoneza. Kumanda musatsamire miyala ya pamanda, chifukwa ina inagwedera ndipo ndi yolemera kwambiri. Poyang'ana nsanja, imani kaye musanakweze magalasi, chifukwa kuyenda chobwerera m'mbuyo maso ali kumwamba ndiko kumagwetsa anthu m'ngalande za m'mbali mwa khoma. Ku Brixworth njira yakale yozungulira kum'mawa kwa tchalitchi ili m'munsi mwa nthaka ndipo ndi yosafoleredwa.

Mpingo wa pamalopo ndiwo umasenza mtengo wokonza denga, ndipo pena ndi anthu ochepa okalamba. Ikani chopereka m'bokosi la pakhoma kapena pa kamakina ka khadi, ndipo lembani m'buku la alendo, chifukwa chiwerengero cha alendo chimawathandiza popempha thandizo la ndalama zokonzera. Pa tchalitchi chaching'ono ngati Escomb kapena Odda's Chapel patulani ola limodzi, theka lake panja. Pa Brixworth kapena St Mary ku Deerhurst patulani maola awiri, ndipo mukatuluka zunguliraninso panja kachiwiri muli ndi mapu anu m'manja, kuti khomo lililonse lotsekedwa limene mwaona mkati mulipeze kunja.